Kodi osankha ophunzira ntchito yogonetsa odwala amayang'ana chiyani?

FUNSO: Akonzi, ine ndine namwino pa kiliniki ina kuno ku Lusaka, kumene ndimathandiza kusikelo ya ana ndi kwa odwala oyendera. Chaka chatha ndinapempha malo pa maphunziro a ntchito yogonetsa odwala pa opaleshoni, koma sananditenge, pamene mnzanga amene ndinamuposa pa mayeso a unamwino anatengedwa. Iye amagwira ntchito m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Kodi si kukondera kumeneku? Nanga ndichite chiyani kuti ulendo wina ndidzapeze malo? — Namwino, Chilenje

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Monga mwalongosolera nkhaniyi, ine sindikuonapo kukondera, pakuti chimene chinakusiyanitsani ndi mnzanuyo mwachitchula nokha, ndicho malo amene aliyense wa inu amagwirako ntchito.

Satifiketi ya Giredi 12, dipuloma ya unamwino ndi laisensi ya Nursing and Midwifery Council of Zambia yomwe siinathe ntchito ndi zofunika, koma zimangothandiza kuti kalata yanu iwerengedwe, chifukwa pafupifupi aliyense wopempha malo amakhala nazo. Funso lalikulu la osankha ndi lakuti, kodi munthu uyu anaonapo wodwala akusintha mwadzidzidzi, ndipo anachitapo chiyani? Namwino wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, wa kungozi kapena wa kuchipinda cha opaleshoni amakhala atazolowera kuwerenga kugunda kwa mtima pamakina, kuika diripi mumtsempha wovuta kupeza, ndi kuzindikira kuti wodwala wayamba kubanika kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni kasanalire n'komwe. Maganizo amenewa si a kuno kokha, pakuti ku America namwino saloledwa kuyamba maphunzirowa asanagwire ntchito yosamalira odwala mwakayakaya kwa chaka chathunthu.

Kuno kwathu chifukwa chake n'chachikulu koposa. Maphunziro a madokotala akatswiri a ntchitoyi anayamba pa University of Zambia mu 2011, ndipo akatswiriwo akadali ochepa, ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu monga UTH. M'zipatala za m'maboma ntchitoyi yakhala m'manja mwa anthu amene si madokotala, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa ku Chainama, sukulu imene tsopano ili pansi pa Levy Mwanawasa Medical University. Choncho amene akusankhidwa lero akhoza kudzapezeka ku Lundazi kapena ku Petauke pakati pa usiku, ali yekha kumutu kwa mayi amene akuchitidwa opaleshoni yobereketsa. Jekeseni ya pamsana yochititsa dzanzi ikangolowa, kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika m'mphindi zochepa, mayiyo n'kuyamba kuchita nseru ndi kutuluka thukuta. Wogonetsa ayenera kumupendeketsa kumanzere, kuthamangitsa diripi ndi kupereka mankhwala okweza kuthamanga kwa magazi monga ephedrine, uku akuuza dokotala zimene zikuchitika. Mpweya ukatsekeka, ubongo umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi 4 mpaka 6, ndipo nthawi imeneyo siikwanira kuimbira foni wina aliyense.

N'chifukwa chake pokufunsani pamaso, osankha amakonda kukupatsani chitsanzo cha wodwala wotere kuti amve mmene mumaganizira. Amafuna kumva ndondomeko, kuyambira njira ya mpweya, kapumidwe, kenako kayendedwe ka magazi. Amayesanso masamu a mankhwala, monga kuwerengera mlingo wa mankhwala ogonetsa a ketamine molingana ndi kulemera kwa mwana, popeza kulakwitsa kadontho kamodzi pa nambala kumachulukitsa mlingo ka 10. Kwa ine, chimene ambiri amagwerapo ndi funso lakuti, mungatani mutaona kuti wodwala sali bwino koma dokotala wamkulu akufuna kupitiriza? Mwambo wathu umatiphunzitsa kusatsutsa akulu, ndipo ndi mwambo wabwino, koma m'chipinda cha opaleshoni amafuna munthu wokhoza kunena mwaulemu ndi momveka kuti, "Adokotala, taimani kaye, mpweya watsika."

Tsono mayi, pemphani akuluakulu anu kuti akusamutsireni kuchipatala chimene chili ndi chipinda cha opaleshoni kapena cha odwala mwakayakaya, ndipo mugwireko ntchito chaka kapena kuposerapo. Chitani maphunziro aafupi a katsitsimutsidwe ka munthu amene mtima waima, bwerezaninso phunziro la mankhwala ndi la kagwiridwe ntchito ka mtima ndi mapapo. Muzilemba m'kabuku odwala amene mwathandiza, osatchula mayina awo, kuti pofunsidwa mudzakhale ndi zitsanzo zenizeni. Kalata yokuchitirani umboni mudzaipemphe kwa wogonetsa odwala kapena sisita woyang'anira wodi amene wakuonani mukugwira ntchito nthawi yovuta, chifukwa kalata yongonena kuti ndinu waulemu ndi wosunga nthawi osankha amaiwerenga kwa aliyense. Muyambenso msanga kukambirana za tchuthi cha maphunziro ndi amene anakulembani ntchito, kuti malo akadzapezeka zikalata zidzakhale zitatha kale.