Achimwene a ku Joni, musagulitse ng'ombe za malume anu

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Malume awo anamwalira ku Dowa n'kuwasiyira khola la ng'ombe zamakolo, zing'onozing'ono za linunda zija. Iwo asonkhanitsako ndalama, ndiye akufuna agulitse kholalo, agule ng'ombe zochepa zikuluzikulu za mtundu wakunja wa Brahman, ayambirenso. Funso lawo n'lakuti: kodi magazi akalewa akadali ndi ntchito masiku ano?

Achimwene, funso lanuli landiyabwa, ndiye mundipirire.

Kwathu ku Dedza bambo anga aang'ono anali ndi ng'ombe yaikazi yofiirira, yosaoneka bwino n'komwe. Nyanga imodzi inapindikira pansi, ndipo mu Okutobala munkatha kuiwerenga nthiti muli patali. Abutchala ankangoidutsa. Koma ng'ombe imeneyo inkaswa pafupifupi chaka chilichonse, yokha, usiku, osadzutsa munthu. Chakudya chake chinali udzu wa kudambo ndi mapesi a m'munda tikakolola, basi. Madeya inkangowamvera fungo. Ana ake ndi amene ankakoka ngolo, ena analipirira ife sukulu, wina anaphedwa pa sadaka ya agogo. Tsidya lina la dambo kunali bambo wina wopeza bwino amene anagulitsa zamakolo zake zonse n'kubweretsa zikuluzikulu zosakaniza ndi zakunja. Mudzi wonse tinkapita kukaona. Zinali zokongoladi, sindinganame. Koma imeneyo inali nthawi imene madibi ambiri a boma anali atasiya kugwira ntchito, mankhwala a nkhupakupa aliyense azidzigulira yekha. Dzinja lina East Coast fever, nthenda yofala ndi nkhupakupa, inalowa m'khola mwawo. Mathole ankatupa m'munsi mwa makutu, kutuluka thovu m'mphuno, n'kugona osadzukanso. Nkhupakupa zomwezo zinkaluma ng'ombe zathu padambo lomwelo. Zina zinadwala ndithu, koma zambiri zinadzuka.

Chimene chimandipweteka n'chakuti phindu la ng'ombe za mtundu umenewu ena analiona kalekale, ife eni ake tikadazinyozabe. Ku South Africa komwe muliko, lamulo la 1934 linapatsa akuluakulu a boma mphamvu zofula nkhunzi zimene ankaziona ngati zachabechabe, ndipo zambiri zinali za anthu akuda, mtundu wa Nguni. Lero Nguni ili ndi bungwe lake la alimi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1986, ndipo alimi akuluakulu amalimbirana nkhunzi zake pa okushoni. Ng'ombe ya Bonsmara imene mukuiona m'mafamu ambiri kumeneko inapangidwa ndi Jan Bonsma pa malo ofufuzira a Mara, ndipo pa magawo 8 a magazi ake, 5 ndi a Afrikaner, ng'ombe ya mu Afirika momwemuno. Magawo 3 otsalawo ndi amene anachokera kwa Hereford ndi Shorthorn za ku Britain. Bonsma anaona kuti za ku Britain zokhazokha zikulephera kutentha ndi nkhupakupa, ndiye maziko anawaika pa zakuno.

Nanga ng'ombe ya Tuli? M'zaka za m'ma 1940, mlangizi wina dzina lake Len Harvey, ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), anaona kuti pakati pa ng'ombe za anthu a m'chigwa chotentha cha kummwera panali zachikasu zina zimene zinkakhalabe zonenepa zinzake zitaonda. Anazigula kwa anthu akumudzi omwewo, n'kumasankha zabwino chaka ndi chaka, ndipo mtundu wa Tuli unachokera pamenepo. Patapita zaka, asayansi a ku Australia a bungwe la boma la kafukufuku la CSIRO anabwera kudzatenga miluza ya Tuli ku Zimbabwe ndi ya Boran, mtundu winanso wa mu Afirika, ku Zambia, n'kukaiika m'mimba mwa ng'ombe zina pa zilumba za Cocos m'nyanja ya Indian, ndipo mathole ake anafika ku Australia mu 1990. Tangoganizani. Dziko lodzaza ng'ombe ngati Australia linaononga ndalama zonsezo kufuna magazi a ng'ombe za m'makola a anthu wamba. Ife tikugulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira, n'kumati tatukuka.

Pano ndilankhule mosabisa: amene amauza mlimi wakumudzi kuti achotse zamakolo zonse nthawi zambiri ali ndi chimene akugulitsa. Amakuonetsani kulemera kwa nkhunzi imodzi pa sikelo. Sakuuzani kuti ng'ombe yaikulu imadyanso kwambiri, kuti pa msipu umene umakwanira zamakolo zitatu mwina ziwiri zokha za Brahman n'zimene zingakhute, ndiponso kuti ng'ombe yoonda siitenga bere msanga. Ndalama ya khola ili pa chiwerengero cha mathole amene apulumuka mpaka kusiya kuyamwa. Ng'ombe ya maonekedwe abwino yoswa kamodzi pa zaka ziwiri ikudyerani udzu chabe. Ndipo inu muli ku Joni. Adzapopera mankhwala sabata ndi sabata ndani? Mphwanu uja amati foni yathera moto mukangofunsa za ndalama? (Pepani, sindikumudziwa, koma banja lililonse lili naye.)

Musandimve molakwa, Brahman nayonso ndi ya linunda, inapangidwa ku America kuchokera ku ng'ombe za ku India, ndipo kutentha imapirira bwino. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje zosakaniza zake zimachita bwino ndithu. Dowa si Chikwawa, kumtundaku nkhupakupa ya East Coast fever ndi yambiri.

Komanso sindikunena kuti chilichonse chakale n'chabwino. Anthu ena amakonda zakale ngati chipembedzo, ndipo amanditopetsa mofanana ndi ogulitsa aja. M'makola ambiri akumudzi ng'ombe zikucheperachepera chifukwa cha ife tomwe. Nkhunzi yokula bwino timaifula kuti ikoke ngolo, kapena timaigulitsa pakagwa vuto, ndipo yotsala kuti izikwera ndi yonyentchera ija palibe anaifuna. Ikwera ana ake, kenaka adzukulu ake. Tikatero timati mtunduwo ndi wachabe. Vuto la kukweretsa pachibale silisankha kuti uyu ndi wosauka. Ku America m'zaka za m'ma 1950 alimi a Hereford analira ndi mathole obadwa opinimbira chifukwa chodalira mzere umodzi wotchuka wa ng'ombe zapachibale, ndipo mu 2008 a Angus anapezanso chilema cha mathole obadwa akufa, opindika msana, chimene chinafala kudzera mwa nkhunzi imodzi yotchuka imene umuna wake unagulitsidwa paliponse. Koma ku America konko, ku Miles City ku Montana, boma lasunga mzere wa Hereford wotchedwa Line 1 kuyambira 1934 osalowetsamo magazi ena, ndipo sunaonongeke, chifukwa amayeza, kulemba ndi kuchotsa zosafunika mopanda chisoni. Ng'ombe yoyamba kuwerengedwa DNA yake yonse (chimene chimasunga chibadwa chochokera kwa makolo), mu 2009, inachokera mu mzere womwewo.

Ndiye muchite chiyani?

Mukabwera pa Khirisimasi, khalani pansi ndi amene wakhala akuweta ng'ombezo, osati amene akudyera. Iyeyo akudziwa yaikazi iti imaswa chaka ndi chaka, iti mathole ake amafa, iti sinadwalepo. Sungani zoswa bwinozo ngakhale zikhale zosaoneka. Gulitsani zouma ndi zokalamba kwambiri, ndalama yake mugulire mankhwala a nkhupakupa ndi kubayitsa mathole katemera wa East Coast fever, amene amapangidwa ku Lilongwe konkuno. Alangizi a ziweto akuuzani kopezera. Nkhunzi ya malume ichoke, mubweretse ina yamakolo yochokera kutali, yopanda chibale ndi khola lanu. Ngati mtima uli pa Brahman, gulani imodzi, makamaka yosakaniza kale yobadwira dera lomwelo, muikweretse pa zazikazi zikuluzikulu zokha zimene zinaswapo, osati misoti, chifukwa thole lalikulu limakanirira. Ana ake aamuna muzifula ndi kugulitsa, ndi amene adzakubwezereni ndalama. Theka la zazikazi zanu zizikweredwa ndi yamakolo kuti zolowa m'malo zizichokera kumeneko. Ndipo gulani kope la sukulu, mlembe tsiku limene ng'ombe iliyonse yaswa.