Kabokosi kofunsa za mashotikati kosatopa kaja

Mkulu wina wa kashopu kosindikiza ndi kujambula mapepala ku Kamwala wanditumizira imelo. Akuti chikwezereni kompyuta yawo kufika pa Ubuntu 25.04 (mtundu wa Linux, sisitimu yoyendetsa kompyuta ngati Windows), akangotsegula Chrome pamatuluka kabokosi kopempha chilolezo cha mashotikati a pa kiyibodi. Amavomera, koma mawa lake kabwereranso, makasitomala ali pamzere. Akufunsa ngati yalowa vayirasi.

Ayi bambo, si vayirasi. Ubuntu 25.04 inabwera ndi GNOME 48 ya mu Malichi 2025 (GNOME ndi desikitopu ya Ubuntu, yoyendetsa mazenera ndi zonse mumaona pa sikirini), ndipo m'menemo ndi momwe GNOME inayamba kulola mapulogalamu kupempha mashotikati ogwira paliponse, ngakhale zenera lawo lili kumbuyo. Anzathu a KDE Plasma, desikitopu ina ya Linux, anali nazo kale kuyambira pa 5.27, mu 2023.

Chiyambi chake n'chakuti kale, pa X11, njira yakale yolumikizira mapulogalamu ndi sikirini komanso kiyibodi, pulogalamu iliyonse inkatha kumva batani lililonse limene mwadina, ndi pasiwedi ya kubanki yomwe. Wayland, imene Ubuntu imagwiritsa ntchito masiku ano m'malo mwa X11, inatseka mpata umenewu: pulogalamu imamva mabatani pokhapokha zenera lake likhale patsogolo. Ikafuna zoposa pamenepo, iyenera kudzera kwa mlonda wa pageti wotchedwa xdg-desktop-portal, ndipo mlondayo amafunsa inu eni ake. Kufunsako ine ndilibe nako vuto, makamaka pa kompyuta ngati yanu imene anthu osiyanasiyana amalowetsapo mafulashi awo tsiku lonse. Chonyansa n'kufunsa zomwezomwezo m'mawa uliwonse.

Yambani ndi kulemba chrome://extensions/shortcuts pamwamba pa Chrome. Muona ma extension onse, timapulogalamu towonjezera mu Chrome, amene ali ndi mashotikati. Amene simuwagwiritsa ntchito achotseni, ndipo pamene palembedwa Global sinthani pakhale In Chrome. Kenaka chitani apudeti ya Chrome ndi ya Ubuntu, usiku bwino, bando isathere pakati pa ntchito.

Kakapitirira kubwera, muuzeni Chrome asiye kupempha. Koperani fayilo ya google-chrome.desktop kuchokera mu /usr/share/applications kupita mu ~/.local/share/applications, muitsegule, ndipo pa mzere uliwonse woyamba ndi Exec muwonjezere --disable-features=GlobalShortcutsPortal pambuyo pa dzina la pulogalamu. Mizere ya Exec ilipo ingapo, musangosintha woyamba wokha. Musakhudzenso ya mu /usr/share ija, chifukwa apudeti yotsatira idzafufuta zonse mwalembamo. Chimene mutaye n'chochepa: mashotikati a Chrome sadzagwira mukakhala mu pulogalamu ina. Ctrl+P yanu yosindikizira idzagwirabe ngati kale.

Pali kabokosi kena kofanana nako kamene ambiri amakasokoneza ndi aka. Kamatuluka mukatsegula mapulogalamu ngati Remmina kapena virt-manager, amene amafuna kuti Alt+Tab ipite ku kompyuta yakutali kapena yongoyerekeza yoyenda m'kati mwa yanu, osati yanu yeniyeniyo. Amenewa akupempha kutsekereza mashotikati a GNOME, ndipo mukafuna kuwabweza mumadina Super ndi Esc pamodzi. Super ndi batani lija la chizindikiro cha Windows. Yankho lanu GNOME imalisunga pa dzina la fayilo ya .desktop ya pulogalamuyo, choncho ikalephera kuzindikira kuti zenera ili ndi la fayilo iti, imafunsanso.

Ena akuuzani kuti mungobwerera ku Xorg, X11 yakale ija, polowa mu kompyuta. Zigwira lero, koma njira imeneyo ikutsekedwa: Ubuntu 25.10 inachotsa kale GNOME ya pa Xorg.

Koma bambo, ndinene mosabisa: 25.04 si yoika pa kompyuta yodyera. Ma Ubuntu ngati amenewa, otuluka pakati pa ma LTS (ma Ubuntu osamalidwa nthawi yaitali), amalandira maapudeti kwa miyezi 9 yokha, ndipo zatsopano zosapsa bwino zimayambira mwa iwo. Pa shopu ikani LTS, monga 24.04 yokhala ndi GNOME 46, imene imasamalidwa zaka 5. Musanaikenso, koperani mafayilo a makasitomala pa disiki ina, ndipo onetsetsani kuti dalaivala wa printa yanu muli naye pafupi.