Adaputala yodzutsira seva ya mafilimu muli kutali

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Ali ndi kompyuta yakale yomwe amasungamo mafilimu ndi nyimbo za banja pa Jellyfin (pulogalamu yoonetsera mafilimu pa netiweki), koma safuna kuti izigona yoyaka chifukwa mayunitsi a magetsi akutha msanga. Akufunsa ngati agule adaputala ya USB kapena ya Wi-Fi kuti aziyatsa makinawo pa foni.

Achimwene, pa ziwirizi musagulepo iliyonse. Yambani mwayang'ana kumbuyo kwa kompyutayo, pomwe pamalowa chingwe cha Ethernet. Izimitseni bwinobwino, koma musazule pulagi kukhoma. Kanyali kakang'ono ka pabowopo kakapitiriza kuphethira, ndiye kuti kadi ya netiweki ikulandirabe magetsi, ndipo mwina simufunika kuwononga ndalama.

Wake-on-LAN, njira yoyatsira kompyuta kudzera pa netiweki, imadalira timagetsi timeneto. Makina onse akazima, kadiyo imakhala tcheru kudikira uthenga umodzi wokha, magic packet: mabaiti 6 a FF, kenako MAC adiresi ya kadiyo (nambala yake yoizindikirira pa netiweki) kubwerezedwa ka 16, onse pamodzi mabaiti 102. Adaputala zambiri za USB zimatha kudzutsa kompyuta yomwe yangogona pa sleep, osati yozimiratu. Za Wi-Fi ndiye n'zosadalirika kwenikweni, pakuti makina akazima kulumikizana ndi rauta kumadukanso nthawi zambiri.

Lowani mu BIOS (malo a makonzedwe omwe mumalowamo kompyuta ikangoyamba kuyaka), tsegulani Wake on LAN kapena Power On by PCI-E, ndipo mutseke ErP, chifukwa ndi imene imamana kadiyo magetsi. Pa Windows chotsani Fast Startup. Pa Linux lembani ethtool -s eth0 wol g, mukuika dzina lenileni la kadi yanu m'malo mwa eth0, ndipo muikhazikitse kuti izichitika pa kuyatsa kulikonse, apo ayi imaiwalika.

Zonsezi zikakanika, gulani kadi ya netiweki ya PCIe (yolowetsa m'kati mwa kompyuta) ya chipu cha Intel I210. Ine ndimaikhulupirira kuposa zina chifukwa madalaivala ake pa Linux savuta. Musakopeke ndi makadi otchipa a 10 gigabit ochotsedwa m'maseva akale. Ambiri alibe Wake-on-LAN, komanso amadya magetsi omwe mukufuna kupulumutsawo.

Pali china chomwe kadi siingakonze. Magetsi akathima n'kuyakanso, makompyuta ena samvanso magic packet mpaka munthu atawayatsa kamodzi ndi dzanja. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo, choncho mu BIOS momwemo ikani Restore on AC Power Loss pa Power On.

Uthenga wa magic packet umayendanso m'netiweki ya m'nyumba mokha. Muli ku ntchito, foni yanu siingaufikitse yokha, makamaka ngati intaneti ya kunyumba ndi ya simukadi, yomwe kawirikawiri siipereka IP adiresi yanuyanu. Siyani kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi koyaka kunyumba, muikemo Tailscale (pulogalamu yolumikiza zipangizo zanu muli kutali), ndipo muzikatuma kuti kadzutse sevayo. Kachipangizo kameneka kamadya mawati owerengeka chabe.