Funsani Telala: Ulusi Ukungoduka Posoka Chofunda Chokhuthala

FUNSO: Ndine mayi wosoka pa msika wa Kapata kuno ku Chipata. Nyengo yozizira ikamayandikira ndimalumikiza zigamba za zitenje, n'kuika thonje pakati ndi nsalu ina kunsi, kenako n'kusoka zonse pamodzi kuti chikhale chofunda. Makina anga ndi a Butterfly opalasa ndi mapazi, ndipo pa madiresi ndi mayunifolomu savuta konse, koma ndikangoyamba chofunda ulusi wapamwamba umaduka ndisanafike patali. Ndapotokola tenshoni, kothinitsira ndi kumasulira ulusi wapamwamba, uku ndi uku, palibe chasintha. Kodi makinawa atha ntchito? Wowerenga wa ku Kapata.

YANKHO: Mayi, makina anu sanathe ntchito, ndipo umboni wake mwaupereka nokha pamene mwati diresi akusoka bwino. Chasintha ndi katundu amene mwawasenzetsa, chifukwa singano ndi ulusi zimene zimaboola nsalu ziwiri zopyapyala tsopano zikulimbana ndi chitenje, thonje ndi nsalu ya kunsi nthawi imodzi. Ndikupemphani kuti muyambe mwaisiya tenshoni, mutole kansonga ka ulusi wodukawo n'kukayang'anitsitsa poyera, pakuti kadukidwe kake kamanena pamene pali vuto. Ngati ulusi wanyenyeka, wamasuka timaulusi take n'kupanga kamfundo ka ubweya pamwamba pa diso la singano, ndiye kuti pali chimene chikuukhukhuza. Ngati waduka mwadzidzidzi ngati wadulidwa ndi sizasi, ndiye kuti wakodwa penapake kapena wakungika mopitirira.

Pa ntchito ngati yanuyi, kawirikawiri ulusi umanyenyeka, ndipo wolakwa amakhala singano. Osoka ambiri sadziwa kuti malo amodzimodzi a ulusi amadutsa pa diso la singano kambirimbiri, kutsika ndi kukwera, asanakhazikike m'nsalu, choncho diso likakhala lopanikiza ulusiwo umaperepeseka pang'onopang'ono mpaka kuduka. Singano ya nambala 80/12 imene imakwanira pa malaya ndi yaing'ono pa chofunda. Ikani ya 90/14, ndipo ngati thonje ndi lochindikala kapena ulusi ndi wonenepa, ikani ya 100/16. Mukapeza ya mtundu wa topstitch igulani, chifukwa diso lake ndi lalitali ndipo ulusi umayendamo momasuka. Njira yoyesera ndi yosavuta: lowetsani ulusi m'singano ili m'manja, muupendeketse, ndipo singano yoyenera idzatsetsereka yokha popanda kuigwedeza. Poimanga, onetsetsani kuti yafika kumwamba kwenikweni, ndiponso kuti kangalande kake kakatali kayang'ana mbali imene ulusi ukulowera, popeza ulusi umabisala m'kangalandemo pamene singano ikuboola nsalu. Ndikudziwa kuti ambiri amasunga singano mpaka itathyoka, koma thonje limabunthitsa msanga, ndipo ine ndimaona kuti chofunda chatsopano chilichonse chiyenera kuyamba ndi singano yatsopano, chifukwa mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi nthawi imene mumataya polowetsanso ulusi.

Singano yatsopano ikapanda kuthandiza, fufuzani kabowo ka pa chitsulo komwe singano imalowera. Singano ikapindika n'kugunda chitsulocho imasiya tizipsera takuthwa tosaoneka bwino ndi maso. Lowetsani ulusi m'kabowoko, muugwire nsonga zonse ziwiri n'kuukhukhuza mozungulira m'mphepete, ndipo pamene wakanirira kapena kunyenyeka mpamene pali chipsera. Pasalazeni ndi sandipepa wosalala kwambiri, modekha. Chotsaninso chitsulocho n'kusesa ubweya wa thonje umene umaunjikana pa mano oyendetsa nsalu ndi mozungulira bobini, kokulungapo ulusi wapansi, makamaka m'miyezi ya fumbi, kenako mudonthezepo mafuta a makina. Mafuta ophikira musawayese, amauma n'kumata.

Ulusi nawonso uli ndi mbali yake. Umene wakhala nthawi yaitali padzuwa m'sitolo umafooka, makamaka wa thonje, ndipo wotchipa kwambiri umakhala ndi timfundo tosalowa pa diso. Ukokeni ndi manja. Ukaduka mosavuta usungireni zogwirizira nsalu. Ulusi wabwino wa poliyesitala umapirira pa chofunda chimene chizichapidwa kawirikawiri.

Mukafika pamenepa ndiye mubwerere ku tenshoni. Solorani ulusi wonse ndi kuulowetsanso phazi lopanikiza nsalu lili m'mwamba, chifukwa ndi pokhapo pamene timbale ta tenshoni timatseguka kuti ulusi ukhale pakati pake. Sokani pa kachigamba koyesera kokhala ndi thonje lomwelo. Ngati ulusi wapansi ukuonekera pamwamba, wapamwamba wathina, ndipo mupotokolere kumanzere pang'onopang'ono mpaka mfundo ibisale m'kati mwa thonje. Talikitsaninso msoko ufike pa mamilimita 3, pakuti msoko waufupi pa nsalu yokhuthala umavutitsa ulusi pachabe.

Pali china chimene osoka ambiri sachiganizira, ndicho kulemera kwa chofundacho. Chikamalendewera m'mphepete mwa tebulo chimakoka singano n'kuipinda, singano n'kugunda chitsulo, tizipsera tija n'kuyambiranso. Ikani tebulo lina kumanzere ndi kuseri kwa makina kuti chofunda chigonepo chonse, mbali yolowa m'kati muikulunge, ndipo musachikoke ndi manja, musiye mano achiyendetse. Pamene zigamba zinayi zakumana, lekani kupalasa n'kuzunguza gudumu ndi dzanja kulozetsa kwa inu, chifukwa pa malo olimbawo mpamene gudumu limabwerera m'mbuyo, ndipo likangobwerera ulusi umakodwa n'kuduka.

FUNSO: Ine ndimasoka ku Katete ndi makina a magetsi a Juki. Ndikathamangitsa pa chofunda ulusi wapamwamba umaduka, ndipo nthawi zina wapansinso. Ndichite chiyani?

YANKHO: Bambo, zonse zimene ndauza mayi a ku Kapata zikukhudzanso inu, koma onjezanipo liwiro. Makina a mtundu umenewu amathamanga kwambiri moti singano imatentha pa nsalu yokhuthala, ndipo ulusi wa poliyesitala umatha kusungunuka, zimene mudzazizindikira ndi kansonga kouma kolimba ngati kowauka. Chepetsani liwiro ndipo muike singano yokulirapo. Ngati makina anu amalowa singano za mtundu wa DBx1, dziwani kuti n'zozungulira kumutu, zilibe mbali yafulati yokutsogolerani, choncho n'kosavuta kuzimanga mokhota. Kangalande kakatali kayang'ane kumanzere ndendende. Ulusi wapansi umaduka ngati bobini yakulungidwa mopendekera kapena yadzaza mopitirira, ngati yapindika m'mphepete, kapenanso ngati ubweya walowa pansi pa kasipulingi ka kabokosi kake. Lendewetsani kabokosiko pa ulusi wake n'kugwedeza dzanja pang'ono: kayenera kutsika pang'ono n'kuima, ndipo kakakana kutsika mumasule kasikuluu kake pang'ono chabe. Zonsezi zikalephera, makamaka ngati makina akudumphanso misoko, ndiye kuti ngowe yotola ulusi sikukumana ndi singano pa nthawi yake, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko wa makina osokera. Popita kwa iye mutenge kachigamba ka chofunda chomwecho pamodzi ndi ulusi wanu, kuti ayesere pa nsalu imene ikukuvutaniyo.