Kubwerera ku Stardew Valley: ma mod kapena momwe ilili?

Asisi, mwati munasiya kusewera Stardew Valley, gemu ya ulimi ija, chakumapeto kwa 2019, tsopano mwapeza laputopu ina ndipo mtima ukulakalaka kumunda, koma anzanu akuntchito akuti gemu yopanda ma mod, zowonjezera zimene osewera ena amapanga kuti zisinthe gemu, ndi yogonetsa tulo, muyambe ndi Stardew Valley Expanded, mod yaikulu yowonjezera anthu ndi malo. Mwafunsanso ngati famu yanu yakale ya chaka chachinayi ingapitirire. Ine ndikuti yambani famu yatsopano, yopanda mod ngakhale imodzi, muilime mpaka chaka choyamba chithe. Anzanuwo sakunama ayi, kungoti iwo sanasiyepo kusewera, ndiye chimene chawatopetsa iwo inu simunachionebe.

Gemu imene munaisiya si imene mukaipeze. Nthawi imeneyo tinali pa 1.4. Mu Disembala 2020 mwini wake Eric Barone, amene timamudziwa ndi dzina loti ConcernedApe, anatulutsa 1.5, ndipo m'menemo muli Ginger Island, chilumba chathunthu chokhala ndi munda wachiwiri, phiri lamoto lolowamo, ndi ma Golden Walnut 130 obisika m'makona onse. Munda wa pachilumbapo sulabadira nyengo, chilichonse chimamera nthawi iliyonse. Kenako pa 19 Malichi 2024 kunabwera 1.6 pa kompyuta, ndipo a mafoni ndi a Switch anaidikira mpaka Novembala chaka chomwecho. Imeneyi ndiye inadzaza zinthu mosefukira. Kuli famu yatsopano ya Meadowlands, kumene mumayamba muli kale ndi khola ndi nkhuku ziwiri. Kuli chikondwerero cha kuchipululu cha masiku atatu, kuyambira pa 15 mpaka pa 17 Spring, mipikisano iwiri ya asodzi, mvula yobiriwira imene imagwa mu Summer n'kudzaza tchire ponseponse, wogulitsa mabuku wobwera pa chibaluni, makina owumitsira zipatso ndi ena owambira nsomba amene amachulukitsa mtengo wake kawiri. Mbewu za karoti ndi broccoli sizipezeka m'sitolo ya mbewu ya Pierre, mumachita kuzikumba pansi. Maluso anu asanu onse akafika pa 10, phanga lina la kunkhalango limatseguka n'kukupatsani zina zoti muzilimbikira. Zonsezi n'zaulere kwa amene anagula kale gemuyi.

Ndiye taganizani, mwaika Expanded pamwamba pa zonsezi tsiku loyamba. Mukumana ndi Sophia kumunda wake wa mphesa, mukumana ndi Andy, Victor, Olivia, Claire, mapu a kunkhalango asintha, njira zina zapita kwina. Simudziwa kuti ichi n'cha Barone, ichi n'cha FlashShifter amene anapanga modyo. Mukasochera n'kupita pa wiki, zimene mukuwerenga sizikugwirizana ndi zimene zili pamaso panu. Komanso tsiku la mu gemu silinatalike, likuyamba 6 koloko m'mawa n'kukugwetsani 2 koloko usiku monga kale, nyengo ikadali ya masiku 28, koma anthu oti muwapatse mphatso achuluka. Amene amayamba chonchi ambiri amatopa Fall isanafike n'kumati gemu yakula kwambiri. Expanded ndi ntchito yabwino zedi, ndimaikonda, koma inapangidwira munthu amene Pelican Town, tauni ya mu gemuyi, akuidziwa ngati m'thumba mwake.

Mawu oti ma mod amabisanso zambiri, chifukwa si onse amene amachita zofanana. Alipo amene amangokuuzani zinthu. Lookup Anything, mukaloza munthu kapena mbewu n'kudina F1, imakuuzani mphatso imene amakonda kapena masiku otsala kuti mukolole. NPC Map Locations imaonetsa pa mapu pamene aliyense ali, kuti musamathe theka la tsiku mukusaka Robin. UI Info Suite 2 imaonetsa mwayi wa tsikulo, tsiku lobadwa la munthu, ndi malo amene sprinkler yanu yothirira munda ikufika. Amenewa sindilimbana nawo, sasintha gemu, amangokupulumutsani kutsegula wiki pafoni mphindi iliyonse. Ngati mukuona kuti simungapirire chaka chonse, yambani ndi awa.

Amene ndimakayikira ndi ochotsa ntchito. Automate imalumikiza bokosi ndi makina, ndiye ma keg, migolo yopangira vinyo, amadzitengera okha zipatso n'kubweza vinyo m'bokosi inu muli kumgodi. Tractor Mod imalima, kuthirira ndi kukolola munda wonse pakanthawi kochepa. CJB Cheats Menu ndiye imaimitsa nthawi, imagwira nsomba, imakupatsani ndalama. Pa famu ya chaka chachisanu yokhala ndi ma keg odzaza mashedi awiri, Automate ndi mpumulo weniweni, sindikana. Koma pa famu yatsopano imadya chimene munabwerera. Kukoma kwa Spring yoyamba kuli pa umphawi wake: muli ndi 500g, ndalama za mu gemu, ndi mbewu za parsnip 15, mphamvu ikutha musanamalize kuthirira, mukuwerengetsera kuti pofika pa 13, tsiku la Egg Festival, mukhale ndi ndalama zogulira mbewu za strawberry pa 100g imodzi. Tsiku limene mwapanga sprinkler yabwino yoyamba, yothirira timalo 8 ta m'munda, n'kudzuka m'mawa kupeza munda uli wonyowa kale, mumamva kukoma chifukwa manja anu akukumbukira kutopa kwa dzulo. Mukaika thirakitala tsiku loyamba mumasanduka ngati alimi apafoni aja a kuno ku Lusaka, munda uli ku Chongwe, iwo ali mu ofesi ku Cairo Road, chimanga chimabwera m'matumba koma akafunsidwa kuti mbali iti ya munda imasunga madzi sadziwa.

Musanathamangire ku Nexus, webusaiti ya ma mod, onani kaye zimene gemu yokha ikupereka. Poyambitsa famu yatsopano pali kachizindikiro ka sipanala pakona. M'menemo mungasankhe ma bundle osakaniza a Community Center, kutanthauza mindandanda ya katundu amene mumasonkhanitsa kuti mukonze holo ya m'tauni, kuti zimene munaloweza kale zisakuthandizeni. Mungatsitse phindu la zogulitsa kufika pa 75, 50 kapena 25 peresenti ngati mukufuna kuvutika ndithu. Pali ngakhale posankha kuti Community Center itheke m'chaka choyamba, kuti red cabbage isakuzunzeni ngati kale. Ngati chinakuthamangitsani ndi usodzi, msodzi Willy amagulitsa ndodo yophunzirira pa 25g yokha, imene imapeputsa kwambiri kamasewera ka nsomba kaja. Ndipo ngati ulendo woyamba munakonza Community Center, yesani njira ya Joja, kampani imene imakonza zomwezo mukailipira ndalama. Umembala ndi 5,000g, nyumba ya magalasi yolimiramo ndi 35,000g, ndipo masewera amasanduka a ndalama okhaokha. Ena amaiona ngati kugulitsa mudzi, koma ndi gemu ina ndithu.

Tsopano za kwathu kuno, zimene azungu a pa YouTube sangakuuzeni. Pa kompyuta, Stardew imaseva pokhapokha munthu wanu akagona. Tsiku limodzi limatenga pafupifupi mphindi 14, ndipo malaiti akapita pakati pa tsiku, batire n'kukhala yakufa ngati mmene aliri malaputopu ambiri ogula kwa wina, zonse za tsikulo zapita. Amene tinadutsa mu 2024, madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, tikudziwa kuti ola limodzi la malaiti ndi chuma. Gemu yopanda mod imatseguka msangamsanga. Yodzaza ma mod akuluakulu, pa laputopu ya RAM 4GB, imatha kukudikiritsani mphindi zingapo musanaone n'komwe khomo la nyumba yanu, ndipo imatentha makina n'kumaliza batire. Onjezanipo bandulo. Mod iliyonse yaikulu imafuna anzake kuti igwire ntchito, Content Patcher ndi ena, ndipo gemu ikasintha pang'ono mumabwereranso kukatsitsa. 1.6 itatuluka ma mod ambiri akale anafa, chifukwa mkati mwa gemu munasintha kwambiri. Zoona, Pathoschild amene amasamalira SMAPI, pulogalamu imene imayendetsa ma mod, anagwira nawo ntchito yopanga 1.6, ndiye ma mod otchuka anakonzedwa msanga, koma ngati muli ndi foda ya ma mod ya 2019 pa flash, itayeni, musayese n'komwe.

Ena m'gulu muno amasewera pafoni, ndiye ndinene apa kuti pa iPhone, Switch, PlayStation ndi Xbox funsoli kulibe, ma mod salowa. Pa Android njira ilipo koma ndi yapambali, imatsalira m'mbuyo gemu ikasintha. Ndipo chonde, mawebusaiti aja olonjeza gemu yaulere ya ndalama zosatha, asiyeni. Foni imene mumasungamo mobile money si yoyeserapo mafayilo osadziwika kumene achokera.

Famu yanu yakale itseguka bwinobwino pa 1.6, bola save ikhalepo. Pa Steam nthawi zambiri imabwera yokha, apo ayi ili mu laputopu yakale, mu foda ya AppData, pansi pa StardewValley, mu Saves. Koma musaiyembekezere kwambiri. Mudzafika pakati pa mabokosi osadziwa kuti munaikamo chiyani, ziweto zikukuyang'anani, inu mwaiwala ngakhale chimene munkasungira ndalama. Pamene ingakuthandizeni ndi apa: ngati Community Center munaimaliza kumeneko, pitani m'sitolo ya Willy, kuchipinda chakumbuyo kuli bwato lowonongeka. Hardwood 200, iridium bar 5 ndi battery pack 5, bwato lakonzeka, tikiti ndi 1,000g, mwafika ku Ginger Island osadikira chaka chathunthu. Ndiye mukhoza kukhala ndi ziwiri, yatsopano yophunziriranso manja, yakale yokaonera chilumba Loweruka.

Chaka choyamba chikatha, masiku 112 a mu gemu, mudzakhala mukudziwa chimene chikukunyansani ndi dzina lake. Mwina ndi kuyenda mabokosi khumi kusaka nsomba imodzi, pamenepo Chests Anywhere ndi yanu. Mwina anthu a m'tauni mwawatha, mawu awo mwaloweza, apo ndiye nthawi ya Expanded kapena Ridgeside Village yakwana. Mod muziika chifukwa cha vuto limene mwaliona nokha, osati chifukwa ili pa mndandanda wa munthu wina. Tengani SMAPI ku smapi.io, ma mod ku Nexus Mods, kwina ayi. Musanaike chilichonse koperani foda ya Saves pa flash. SMAPI imasunga yokha makope a masiku 10 apitawo, komabe kope lanu lanu ndi lofunika. Ikani imodziimodzi, tsegulani gemu, yang'anani kawindo kakuda kamene kamatseguka pambali. Mukaona zolemba zofiira pali chasokonekera, ndipo kuika kadontho kutsogolo kwa dzina la foda ya mod kumaizimitsa osaifufuta.

Ma mod owonjezera anthu ndi malo apatseni famu yawoyawo, yatsopano, musawaphatike pa famu imene mumaikonda. Kuwaika n'kosavuta, kuwachotsa ndiye nkhani, katundu wawo amasanduka zinthu zopanda dzina m'mabokosi, ndipo ngati munakwatirana ndi munthu wa mu mod, save yonse imasokonezeka. Ngati mukufuna kudzasewera limodzi ndi anzanu akuntchitowo, pakuti pa kompyuta tsopano famu imodzi imalola anthu 8, nonse muyenera kukhala ndi ma mod omwewo, apo ayi wina aziona khoma pamene mnzake akuona msewu.

Tandiuzeni RAM ya laputopu yanuyo, komanso dinani kachizindikiro ka funso pakona ya pansi gemu ikangotseguka, muone ngati ikuonetsa 1.6. Ngati munaigula pa Steam iyenera kudzisintha yokha, koma chitani zimenezo pa Wi-Fi ya kuntchito, osati pa bandulo yanu.