Anditumizira zithunzi za galimoto pa WhatsApp, ndidziwa bwanji kuti si zakuba?

Mayi wina wa ku Kasungu, mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale, andilembera imelo sabata ino. Dzina lawo ndasunga. Akuti kwa zaka zitatu akhala akuponya ndalama ku banki m'khonde kuti adzagule kagalimoto, ndipo pa gulu lina la malonda pa Facebook aona Toyota Sienta yasiliva ya mtengo wotsika kuposa mmene zikugulidwira masiku ano. Wogulitsayo wawatumizira zithunzi zisanu ndi chimodzi pa WhatsApp. Akuti galimotoyo ili ku Lilongwe, koma akufuna dipoziti ya K600,000 mwamsanga chifukwa pali enanso amene akuilimbirana. Funso la mayiwo ndi ili: "Mwana wanga akuti munthu angathe kufufuza pa intaneti ndi chithunzi m'malo molemba mawu. Kodi n'zoona? Nanga zingandiuze ngati munthuyu akunena zoona?"

Mayi, mwana wanuyo sananame. N'zotheka ndithu, ndipo mungathe kuchita zimenezi pa foni imene muli nayoyo. Koma musanapitirire kuwerenga, ndalamazo zigwireni kaye. Mafunso anu ndi awiri, ndipo mayankho ake ndi osiyana. Kusaka ndi chithunzi kumakuuzani kumene chithunzicho chakhala chikuyenda. Za mumtima mwa wogulitsayo sikukuuzani.

Njirayi si yachilendo. Kampani ina ya ku Toronto, m'dziko la Canada, inatsegula TinEye mu 2008. Google inayamba kulola anthu kusaka ndi chithunzi mu 2011, kenako mu 2017 inabweretsa Google Lens, yomwe lero imapezeka m'mafoni ambiri a Android. Microsoft ili ndi yake mu Bing, ndipo Yandex ya ku Russia ili nayonso.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Kompyuta siona galimoto ngati mmene inu ndi ine timaionera. Imayang'ana mmene mitundu yagawikira pachithunzipo, pomwe pali mizere, pomwe pali ngodya, pomwe kuwala kwakumana ndi mdima, n'kupanga kachizindikiro ka manambala ka chithunzi chimenecho. Tingayerekeze ndi chidindo cha chala chija tinadinda polembetsa chitupa cha unzika. Ikatero imayerekeza chidindocho ndi za zithunzi mabiliyoni ambiri zimene inatolera kale m'masamba a pa intaneti. N'chifukwa chake ngakhale munthu atachidula pang'ono m'mbali, kapena kuchichepetsa, kawirikawiri chimazindikirikabe.

Choyamba onetsetsani kuti muli ndi bandulo ya intaneti yonse. Ambiri timagula ya WhatsApp yokha, ndipo imeneyo siitsegula Google. Ndaona anthu akudandaula kuti foni yawo yakana, pomwe vuto linali lomweli. Simufunika yaikulu, yatsiku limodzi ikwana.

Tsegulani chithunzi cha galimotoyo pa WhatsApp n'kuchisunga mufoni, kapena muchite screenshot. Kenako tsegulani Google. Pamalo polemba mawu paja, chakumanja, pali kachizindikiro kooneka ngati kamera. Dinani pamenepo, musankhe chithunzi chija m'zithunzi za mufoni mwanu. Pakapita kanthawi, pansi padzatuluka zithunzi zambiri. Apa m'pomwe ambiri amasokonekera, choncho ndikhalitsapo pang'ono.

Google Lens imafuna kukuthandizani kudziwa chinthu chimene chili pachithunzi. Ikaona Sienta yasiliva, idzakubweretserani ma Sienta asiliva ambirimbiri ochokera kulikonse. Zimenezo sizikutanthauza kuti munthu wanuyo ndi wakuba, chifukwa galimoto za mtundu umodzi zimafanana. Chimene inu mukufuna ndi chithunzi chomwecho, osati galimoto yofanana nayo. Yang'anani polembedwa Exact matches, pomwe pamabwera zokhazo zofanana ndendende. Mukapeza chimene mukuchikayikira, siyani kuyang'ana galimoto, muyang'ane zozungulira. Kodi mpanda uli kumbuyo ndi womwewo? Galimoto imene yaima pambali ndi yomweyo? Mthunzi wagwera mbali yomweyo? Matayala akutsogolo apindikira komweko? Zinthu zimenezi sizingafanane mwangozi.

Mukamaliza apo, tsegulani tineye.com, mukwezeponso chithunzi chomwecho. Ine TinEye ndimaikonda pa chifukwa chimodzi: imasaka chithunzi chenichenicho, ndipo imakulolani kusanja zotsatira kuyambira chakale kwambiri, polembedwa Oldest. Munthu akakuuzani kuti wajambula dzulo, inu n'kupeza kuti chithunzicho chinali kale pa intaneti zaka ziwiri zapitazo, nkhani yatha pomwepo. Ndipo musasake chimodzi chokha. Mwa zisanu ndi chimodzi zija, sakani chilichonse pachokha, makamaka cha mkati ndi cha injini, chifukwa akamberembere amasamala kwambiri chithunzi choyamba n'kuiwala zinazo.

Pa nkhani ya galimoto pali chinthu china chimene muyenera kudziwa. Galimoto zambiri za kuno zimachokera ku Japan, n'kutsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa Songwe ku Karonga. Makampani ogulitsa kumeneko, monga BE FORWARD ndi SBT Japan, amaika pamasamba awo zithunzi zambiri za galimoto iliyonse: kutsogolo, kumbuyo, mipando, injini, mita ya makilomita. Kwa munthu wachinyengo amenewo ndi munda wolimidwa kale. Amangotola zithunzizo, n'kudula pomwe pali dzina la kampani, basi wasanduka mwini galimoto. Ngati zithunzi zanu zikuoneka kuti zajambulidwa pabwalo la phula loyera bwino, galimoto zitandandalikana m'mizere, yopanda nambala ya kuno, pagalasi pali timapepala ta zilembo za Chijapani, musadikire n'komwe kuti Google ikuuzeni.

Komabe ndisanamizire aliyense. Pali ogulitsa achilungamo amene amaitanitsadi galimoto ku Japan n'kumatsatsa ndi zithunzi za komweko isanafike. Woteroyo amanena poyera kuti galimoto ili m'njira, ndipo amakupatsani nambala ya chasesi kuti muyerekeze. Wanuyu wanena kuti ili ku Lilongwe. Ngati ili ku Lilongwe, aijambule ku Lilongweko.

Tsopano mbali imene ndikufuna muimvetse kuposa zonse. Mukasaka n'kupeza chithunzicho patsamba la ku Japan kapena la ku Kenya, mwagwira bodza. Koma mukasaka osapeza kanthu, simunapeze umboni woti munthuyo ndi wachilungamo. Google ndi TinEye zimangodziwa zithunzi zimene zili pamasamba otseguka. M'macheza a pa WhatsApp sizilowamo, m'magulu otsekedwa a pa Facebook sizilowamonso. Ndipo kwathu kuno malonda ambiri amayenda m'malo amenewo. Munthu angathe kutenga zithunzi za galimoto ya eni ake pa gulu lina la WhatsApp, kapena kuijambula yekha itaima panja pa sitolo mwini wake akugula zinthu, n'kumakutumizirani. Chithunzi chotere mungachisake tsiku lonse, simuchipeza paliponse. Ndimaopa kwambiri anthu amene aphunzira kumene njirayi, chifukwa akasaka osapeza kanthu mtima umakhala pansi, n'kutumiza ndalama mwachangu kuposa mmene akanachitira asanaidziwe.

Chaka chatha mlamu wanga ankafuna nyumba ya lendi ku Blantyre. Wina anamutumizira zithunzi za nyumba yokongola, ya matailosi onyezimira, n'kumuuza kuti alipire miyezi itatu asanakaone chifukwa mwini wake ali kunja. Tinakhala pakhonde madzulo, foni ili pakati pathu. Tinasaka pa Google, palibe. Pa TinEye, palibe. Mlamu anayamba kumwetulira, n'kumati mwaona, ndi yeniyeni. Ine ndinakulitsa chithunzi cha kukhitchini ndi zala ziwiri, ndikungoyendayenda nacho, mpaka ndinafika pakhoma pafupi ndi ketulo. Panali soketi ya mabowo atatu ozungulira, akuluakulu. Masoketi a m'nyumba zathu kuno ndi a mabowo atatu a ngodya, ngati a ku Britain. Ozungulira aja aliyense amene anapitako ku Joni amawadziwa. Apo m'pamene ndinaona kuti munthu uja analemba nambala yake ya foni ndi zilembo zikuluzikulu pakati pa chithunzi chilichonse. Ndinadula n'kusiya mbali ya makabati yokha, ndikusakanso, ndipo khitchini yomweyo inatuluka patsamba la nyumba za lendi ku Johannesburg. Mlamu anakhala chete nthawi yaitali, kenako anangoti chikomekome cha mkuyu, osamaliza n'komwe mwambiwo.

Kuchokera tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti ukasaka koyamba osapeza, dula chithunzicho, uchotse mawu amene alembedwapo, usake mbali imodzi yokha. Mu Google Lens muli timangodya tinayi toyera timene mumakoka ndi chala kuti musankhe mbali imene mukufuna. Ena amatembenuza chithunzi kuti chamanja chikhale kumanzere, ngati pagalasi loyang'anira, pofuna kusokoneza makinawa. Mukaona zilembo zikuwerengeka chobwerera, kapena chiwongolero chili kumanzere pa galimoto yochokera ku Japan, chitembenuzeni inunso n'kusaka kachiwiri. Ndipo maso anu muwakhulupirire. Dothi, mitengo, madenga a nyumba, zikwangwani za m'mbali mwa msewu, zonsezi zimanena kumene chithunzi chinajambulidwa.

Musadzione opusa chifukwa chokhulupirira chithunzi. Mu Ogasiti 2019, nkhalango ya Amazon ikupsa, mtsogoleri wa dziko la France, Emmanuel Macron, anaika pa Twitter chithunzi cha moto ukunyeketsa mitengo. Anthu atachisaka anapeza kuti chinajambulidwa ndi Loren McIntyre, amene anamwalira mu 2003. Motowo unalipodi, koma chithunzicho sichinali cha moto umenewo. Ngati ofesi ya pulezidenti ingaphonye, kuli bwanji ife. Ine ndinazolowera kusaka kaye pa nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023. Magulu a WhatsApp anadzaza zithunzi, mitima ili m'mwamba chifukwa cha abale a ku Chilobwe ndi ku Mulanje, ndipo ndinadziikira lamulo loti sinditumiza chithunzi kwa wina ndisanadziwe kumene chachokera. Anthu anali ndi chisoni chokwanira kale, sankafunika kuwonjezeredwa mantha ndi zithunzi za kwina.

Palinso vuto latsopano. M'mwezi womwewo wa Marichi 2023, chithunzi cha Papa Francis atavala jekete yoyera yotukumuka chinazungulira dziko lonse, koma palibe anachijambula. Chinapangidwa ndi pulogalamu yotchedwa Midjourney. Chithunzi chopangidwa ndi makina chilibe kumene chinabedwa, choncho kusaka sikungakupezereni mwini wake weniweni. Ichi n'chifukwa chinanso chosakhulupirira kuti "palibe chapezeka" ndiye kuti zonse zili bwino.

Munafunsanso ngati mungasake chithunzi cha nkhope chimene munthuyo waika pa WhatsApp. Mungathe. Google Lens siikuuzani dzina la munthu wamba poyang'ana nkhope, koma ngati chithunzicho chinatengedwa patsamba lina lotseguka, ingakusonyezeni tsambalo. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi, mayi. Mukapeza kuti nkhopeyo ndi ya munthu wina, m'busa kapena msilikali kapena bambo wina chabe wa dziko lina, kumbukirani kuti nayenso waberedwa. Musaike nkhope yake pa Facebook n'kulemba kuti mbava ndi iyi. Mungaipitse mbiri ya munthu amene sadziwa n'komwe kuti kuli Kasungu. Sungani nambala ya foni, mauthenga onse ndi ma screenshot, mukapereke kupolisi, muuzenso oyang'anira gulu limene munaonapo malondawo.

Ndiye pa Sienta yanuyi chitani izi. Sakani zithunzi zonse zisanu ndi chimodzi usiku uno. Chimodzi chokha chikapezeka kwina, mulekeni munthuyo, musatsutsane naye n'komwe. Zikapanda kupezeka, muimbireni pa video ya WhatsApp, aime pafupi ndi galimotoyo, akuonetseni nambala yake, atsegule boneti, ailize inu mukumva. Akayamba zoti netiweki ikuvuta kapena galimoto ili kwa mchimwene wake, mupempheni alembe dzina lanu ndi deti la tsikulo papepala, aliike pagalasi lakutsogolo n'kujambula. Munthu amene ali ndi galimoto amachita zimenezi m'mphindi zisanu.

Ngakhale atachita zonsezo, dipoziti isapite pa foni. Kuchoka ku Kasungu kufika ku Lilongwe ndi ulendo wa m'mawa umodzi pa minibasi. Tengani makaniko amene mumamudziwa inuyo, osati wosankhidwa ndi wogulitsa. Mukumane masana pamalo pa anthu ambiri. Muone blue book, chikalata cha umwini wa galimoto, muyerekeze nambala ya chasesi yolembedwa mmenemo ndi imene ili pa galimotoyo, dzina la mwini ndi la pachitupa chake cha unzika, ndipo zosintha umwini mukachitire limodzi ku Road Traffic. Akati sangadikire mpaka Loweruka chifukwa ena akuifuna, asiyeni enawo aigule. Ndalama zanu mwazisonkhanitsa zaka zitatu, ndipo ma Sienta akulowa pa Songwe sabata iliyonse.

Ngati kusakako kukuvutani, nditumizireni zithunzizo pa imelo yomwe ija, ndizionanso ndi maso anga, ndipo ndikuyankhani Lachisanu lisanafike.