Kwa achemwali ofunsa za maphunziro a ubongo, nkhope ndi kukumbukira

Achemwali, mwati mukamaliza digiri ya psychology mukufuna kufufuza momwe ubongo umaonera, umazindikirira nkhope za anthu ndi kusunga zinthu m'mutu, ndipo mwafunsa njira yake ndiponso ngati ntchitoyi imadyetsa. Mundipirire, nditalikitsa.

Ndiyambe ndi mkangano wina, chifukwa ukuonetsani ntchitoyi bwino kuposa malangizo. Mu 1997 Nancy Kanwisher, amene pano ali ku yunivesite ya MIT ku America, adagoneka anthu m'makina a fMRI, ojambula mbali za ubongo zimene zikugwira ntchito, n'kumawaonetsa zithunzi za nkhope, nyumba ndi manja. Adapeza kachigawo kunsi kwa ubongo, makamaka mbali yamanja, kamene kamachangamuka kwambiri munthu akaona nkhope, ndipo adakatcha fusiform face area. Sipadapite nthawi, Isabel Gauthier adati ayi, kachigawoko si ka nkhope zokha, n'ka chinthu chilichonse chimene munthu wazolowera kusiyanitsa bwino. Mu 2000 adaonetsa kuti kwa akatswiri a mbalame ndi a magalimoto kamachangamukanso akaona mbalame kapena galimoto. Zaka zoposa 20 zadutsa, anthu akukanganabe. Ine ndimapendekera kwa Kanwisher, koma pamene pagona nkhani ndi apa: zimene amalimbirana si nzeru zapakamwa, ndi manambala. Ndani adayesa anthu angati, adawerengera bwanji, adachotsa bwanji zosokoneza munthu akagwedeza mutu m'makinamo.

Ndiye ngati masamu amakuopsani, yambani lero kuwazolowera. Statistics, masamu osanthulira zotsatira za kafukufuku, ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta mu Python kapena MATLAB ndiye khasu la ntchitoyi. Tsiku limodzi loyesa anthu limabala miyezi yokhala pakompyuta.

Kumbali ya kukumbukira, werengani za Henry Molaison. Mu 1953 adamuchita opaleshoni yochotsa mbali yaikulu ya hippocampus, kachigawo ka ubongo kothandiza kusunga zatsopano, kumbali zonse ziwiri pofuna kuchiza khunyu, ndipo kuyambira pamenepo sankasunganso zatsopano. Brenda Milner wa ku Montreal adapeza kuti dzanja lake linkaphunzirabe luso, ngakhale mwiniwake sankakumbukira kuti adayesererapo dzulo. Suzanne Corkin adamutsatira pafupifupi zaka 50, mpaka bamboyo atamwalira mu 2008. Munthu mmodzi, zaka zonsezo!

Za njira: ku America PhD, digiri yapamwamba ya kafukufuku, imatenga zaka 5 kapena 6 ndipo mayunivesite abwino amalipira wophunzira, ku Britain ndi zaka 3 kapena 4. Kenako postdoc, ntchito ya kafukufuku ya omaliza PhD, makontirakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, kusamukasamuka. Mipando ya uphunzitsi wokhazikika ndi yochepa kuyerekeza ndi omaliza PhD, sindikunamizani. Ambiri amathera ku makampani a zamakompyuta, ndipo sadandaula.

Musadikire makina a fMRI kuti muyambe. Pa tsamba la pa intaneti la OpenNeuro pali zotsatira zenizeni za makinawa zaulere, ndipo Neuromatch Academy, imene idayamba mu 2020, imaphunzitsa pa intaneti. Mabungwe a TReND in Africa ndi IBRO amachititsa maphunziro aafupi kuno ku Africa. Kwathu kuno, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la Terrie Taylor lidagwiritsa ntchito makina a MRI ojambula mkati mwa ubongo kuonetsa mu 2015 kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala malungo a muubongo. Si za nkhope ayi, koma chaka chimodzi chothandizira kafukufuku wotere chimakupatsani kalata ya umboni imene aphunzitsi akunja amaiwerenga mofatsa.

Mwafika pati ndi statistics? Ndiuzeni, ndikuuzeni poyambira.